Golo ili kuti?

Banja lililonse lili naye munthu amene kwa iye masewera onse ndi mpira wamiyendo. Wathu ndi Bambo a Chisomo a ku Matero. Loweruka akazi awo anawakokera ku mpikisano wa dziko lonse wa rhythmic gymnastics, masewera olimbitsa thupi motsatira nyimbo pogwiritsa ntchito mpira, mkombero, tizibonga kapena riboni, komwe mwana wawo amapikisana. Anafika atavala jezi ya Chipolopolo, vuvuzela ili kukhwapa.

BAMBO: Mayi a Chisomo, tasochera. Muno mulibe golo.

MAYI: Sitinasochere. Khalani pansi.

BAMBO: Nanga bwalo lake ndi liti?

MAYI: Kapeti mukuionayo. Mamita 13 uku, mamita 13 uku.

BAMBO: Balaza la abwana anga ku Kabulonga ndi lalikulu kuposa pamenepa. Timu inayo yafika?

MAYI: Kulibe timu ina. Mwana amalowa yekha, nyimbo ikulira, oweruza ali patebulowo n'kumamupatsa mapointi.

BAMBO: Akumutchinga ndani?

MAYI: Palibe.

BAMBO: Womutchinga palibe, golo palibe. Munthu akaluza pamenepa ndiye kuti amulodza basi.

(Kamtsikana kena kalowa ndi mpira wofiira. Kauponya m'mwamba, kagubuduka pansi, kauwakha osauyang'ana.)

BAMBO: Wagwira! Refa! Wagwira ndi manja ameneyo!

MAYI: Tsitsani mawu. Ndi mmene amasewerera.

BAMBO: Oho, ndi goloboyi.

MAYI: Si goloboyi.

BAMBO: Wogwira mpira ndi manja osamuimbira wezulo ndi goloboyi. Ine mu 2012 ndinamuona Kennedy Mweene akugwira penate ya Kolo Touré ku Libreville. Sanagubuduke kaye ngati wagwidwa ndi mizimu. Anangogwira, tinawina 8 kwa 7, nkhani inatha.

MAYI: Munamuonera pa TV ya aneba.

BAMBO: Maso anali anga. Chisomo alowa nthawi yanji?

MAYI: Akatha awiri awa. Ayamba ndi mkombero.

BAMBO: Amasewera nthawi yaitali bwanji?

MAYI: 90.

BAMBO: Eyaa! Tsopano mwalankhula zampira. Ndikagule chimanga chootcha pageti, ndimupeza akadali hafu yoyamba.

MAYI: Bambo a Chisomo, 90 yake si...

BAMBO: Musandiphunzitse 90 ine. Ndinayamba kuonera mpira inu musanamere mano.

(Anthu a mtundu uwu suwaletsa. Umangowasuntha miyendo kuti adutse. Abwerako patapita kanthawi, chimanga m'manja, mchere pamlomo.)

BAMBO: Zili zingati?

MAYI: Watha.

BAMBO: Amutulutsa? Wapalamula chiyani? Khadi yofiira?

MAYI: Wasewera, wamaliza, anthu awomba m'manja. Ndi masekondi 90. Akapitirira pamenepo amamudula mapointi.

BAMBO: Masekondi?

MAYI: Masekondi.

BAMBO: Chaka chathunthu ndikulipira minibasi, Matero kukafika m'tauni, katatu pa sabata, kondakitala osandibwezera chenji, zonsezo chifukwa cha masekondi 90? Chimanga ichi chakhalitsa pambaula kuposa mwana wanga pakapeti.

MAYI: Ndinakuuzani musatuluke.

BAMBO: Nthawi yowonjezera ilipo?

MAYI: Kulibe.

BAMBO: Mapenate?

MAYI: Idyani chimanga.

BAMBO: Izi si masewera, mayi. Uku ndi kuvina. Kwathu ku Katete atsikana amavina chimtali usiku wonse, palibe amawakhalira patebulo ndi bolopeni.

MAYI: Ndi masewera. Ali ku Olympics kuyambira 1984 ku Los Angeles, chaka chomwe Keith Mwila anabweretsa mendulo ya nkhonya ija mumaikamba tsiku lililonse.

BAMBO: Mwila anamenya munthu. Awa amenya ndani?

(Kalowa kamtsikana kena, tizibonga tiwiri m'manja.)

BAMBO: Ehee! Zibonga! Tsopano zayamba kukoma. Mnzakeyo akulowera khomo liti?

MAYI: Palibe mnzake.

BAMBO: Ndiye zibongazo ndi za agalu?

MAYI: Amaziponya m'mwamba n'kuziwakha.

BAMBO: Agogo anga akanaona munthu akutaya chibonga m'mwamba, kalulu palibe, akanamulanda.

(Chibonga chimodzi chagwa, chagubudukira kunja kwa mzere. Holo yonse yangoti "aaa!")

BAMBO: Kona! Imeneyo ndi kona!

MAYI: Amudula mapointi. Kugwetsa ndi mlandu, kutuluka mzere ndi mlandu wina.

BAMBO: Akuponyera mkati ndani?

MAYI: Akatola yekha.

BAMBO: Woponya yemweyo, wotola yemweyo, woluza yemweyo. Koma ana awa akuzunzika.

(Chisomo athamangira kwa makolo ake, awagwiritsa kamtengo ka riboni kuti akonze tsitsi. Mayi akumumanga tsitsi, bambo ali bize ndi riboni. Mwana alanda kamtengo kake, athamanga, dzina lake laitanidwa kale.)

BAMBO: Kansalu kameneka n'kotalika bwanji?

MAYI: Ka akuluakulu ndi mamita 6. Ka ana kamafupikirako.

BAMBO: Mamita 6? Zitenje zitatu zimenezo ku Kamwala. Mukanandiuza, ndikanang'amba chanu chakale chija cha chipani.

MAYI: Wayamba. Chonde, vuvuzela ayi. Akapanda kumva nyimbo asokonezeka.

BAMBO: Timu yopanda masapota imaluza pakwawo.

MAYI: Bweretsani kuno. Ndiikhalira.

(Riboni ikuzungulira ngati njoka, ikulemba malembo m'mwamba. Koma kunsonga kwake kukuoneka kanthu kakulendewera ngati mutu wa mbewa.)

MAYI: Mayo ine! Riboni ili ndi mfundo!

BAMBO: Yagwira bwino eti?

MAYI: Mwati chiyani?

BAMBO: Ndamanga ndine. Ndinaona nsonga ikukwekwereka pansi, ndinati ingathethuke. Mfundo yake ndi ija timamangira thumba la makala, simasuka wamba.

MAYI: Mfundo pa riboni amadula mapointi!

BAMBO: Chifukwa?

MAYI: Ndi lamulo!

BAMBO: Lamulo lolanga munthu wosamala katundu? Analemba ndani, wogulitsa maliboni?

MAYI: Taonani oweruza onse akulemba.

BAMBO: Uyo wa magalasi ndamuona kuyambira m'mawa. Wadya ameneyo. Aitane VAR.

MAYI: VAR ionetsa inu mukumanga mfundo.

BAMBO: Ndiye asaitane.

(Madzulo atchula zotsatira. Chisomo ali nambala 3, amuveka mendulo. Bambo asolola vuvuzela pansi pa akazi awo, aimirira pampando.)

BAMBO: Pwoooo! Magazi anga amenewo! Kuwakha kumeneko anatengera ine! Ndinali goloboyi ku pulayimale!

MAYI: Simumati ndi chimtali?

BAMBO: Chimtali chili ndi mendulo? Awa ndi masewera a ku Olympics, mayi, kuyambira 1984. Muziwerenga.

MAYI: Pakanapanda mfundo yanu bwenzi ali nambala 2.

BAMBO: Pakanapanda mfundo yanga riboni ikanathethuka, bwenzi ali nambala 10. Kochi sayamikiridwa pakwawo.

(Foni yalira. Ndi anzawo a kubawo.)

BAMBO: Halo, achimwene! Eee, tatha. Zitatu! Tawachinya zitatu!

MAYI: Nambala 3, osati zigoli zitatu.

BAMBO: Akuti chiyani? Enawo? Sanachinye n'chimodzi chomwe, golo sanaione n'komwe. Refa anali wawo koma tawina. Mwanayo yekha, mphindi 90 osapuma.

MAYI: Masekondi.

BAMBO: Netiweki ikuvuta, achimwene, ndikupezani konko.

(Adula foni. Aweramira kwa Chisomo, agwiragwira mendulo, ailuma pang'ono.)

BAMBO: Wachita bwino, mwanawe. Tsopano iyi inali yapakhomo. Yobwereza tikasewera kwawo liti?

CHISOMO: Kwawo kwa ndani, adadi?

BAMBO: Mayi a Chisomo, mwana uyu sakudziwa ngakhale amene wamugonjetsa. Sabata yamawa ndikubwera ku tirening'i.

MAYI: Riboni ndigona nayo pansi pa pilo.