Abusa, munthu akati "ndatopa nawo moyo" musamubweze yekha

Ndakhala ndikuzengereza kulemba izi, koma mtima ukukana. Ndikulankhula ndi inu abusa, akulu a mpingo, mashehe, aneneri ndi amayi a Mvano, inu amene anthu timathamangirako zinthu zikathina.

Nyengo yozizira yapitayi tinaika m'manda mnyamata wa m'mudzi mwathu kuno ku Mulanje, chakufupi ndi Chitakale. Ankathyola tiyi ku esiteti. Amene mumaidziwa ntchito ya tiyi mukudziwa kuti mvula ikasiya masamba amachepa, ndipo aganyu ambiri amauzidwa kuti akayambe apuma. Iye ntchito inamuthera ali ndi ngongole ya katapila, ina ya banki m'khonde imene mkazi wake anamutengera, kunyumba kuli khanda. Kutatsala masiku ochepa kuti adzikhweze, anapita kwa mkulu wina wa mpingo kutada. Anavula chipewa, kukhala pansi pakhonde, n'kuti, "Bambo, ine ndatopa. Bola ndingochoka, mwina anawa angapume." Yankho linali lakuti mwamuna salira, komanso wodzipha sakauona ufumu wa Mulungu. Anamugwira pamutu, kudzudzula chiwanda, n'kumuuza kuti asale kudya masiku atatu. Anabwerera yekha mumdima.

Mkuluyo si munthu woipa, ndimawadziwa bwino. Anachita zimene anaona anzawo akuchita. N'chifukwa chake nkhaniyi ikundiwawa.

Pali bodza limene timalikhulupirira kwambiri, lakuti wonena sachita, akungofuna kuopseza abale. Ambiri amene amadzipha amakhala atanenapo kale, kaya mozungulira. Wina amayamba kugawa zovala zake, wina kutsanzika anthu ngati ali pa ulendo, wina kulemba pa WhatsApp kuti "mundikhululukire nonse". Akafika pakhomo panu n'kutsegula pakamwa, dziwani kuti mbali ina ya mtima wake ikufunabe moyo, ndipo yasankha inu.

Ndiye ulaliki uyambe wadikira. Mupatseni mpando, mumve. Kenaka mufunseni mosabisa mawu: "Mwananga, kodi ukuganiza zodzipha?" Anthu amaopa kuti funsoli limamupatsa munthu maganizowo. Ayi, silitero. Limangomuonetsa kuti pano angalankhule osamuseka, osamukalipira. Akavomera, mufunsenso ngati wakonza kale njira. Ngati kunyumba kuli mankhwala ophera tizilombo ta m'munda kapena a makoswe, tumani munthu akawachotse usiku womwewo, pamodzi ndi china chilichonse chimene watchula. Maganizo amenewa amabwera ngati mvula yamkuntho, amatha kudutsa. Munthu akapanda kupeza chodziphera pa ola loipalo, nthawi zambiri kumamuchera.

Asagone yekha. Mufunseni kuti amakhulupirira ndani, kaya malume, kaya mnzake wa kuntchito, muitane ameneyo. Koma chonde, nkhani yake isakafike pa guwa Lamulungu kuti "tiyeni timupempherere m'bale wathu uje amene satana akufuna kumupha". Mukatero mwamuvula pagulu, ndipo sadzauzanso munthu.

Sindikutsutsa pemphero, ine ndemwe ndimapemphera. Koma taonani mmene Mulungu anachitira ndi Eliya, mneneri wamkulu uja, atakhala pansi pa kamtengo m'chipululu n'kupempha kuti afe. Mngelo sanamudzudzule. Anamusiya agone, anamudzutsa kuti adye mkate ndi kumwa madzi, anagonanso, anamudyetsanso. Zolankhula zinabwera pambuyo. Nanga ife tikuuziranji munthu wofooka kale kuti asale kudya?

Kukacha, mutengeni mupite naye kuchipatala, osangomulozera njira. Matenda a maganizo ndi matenda ngati shuga kapena BP, ali ndi mankhwala ndi uphungu wake. Yambirani pa chipatala chapafupi, kapena cha boma ku Mulanje ndi ku Thyolo, Mulanje Mission, ngakhale Malamulo ku Makwasa. Zikakula iwo amadziwa kotumiza, monga ku Zomba Mental Hospital, ndipo kupita kumeneko si chitonzo. Ngati wamwa kale mankhwala pofuna kudzipha, apo ndiye palibe zoyamba mwaimba nyimbo kapena kumumwetsa madzi odalitsidwa. Itanani njinga yamoto kapena galimoto, tengani botolo limene wamwalo kuti adokotala akaone, pemphero mukachitire m'njira.

Kumbukiraninso kumene tikuchokera. Namondwe Freddy atadutsa mu March 2023, kuno ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo kuli anthu amene anataya ana, nyumba ndi minda usiku umodzi, ena mpaka lero sanaone mitembo ya abale awo. Alipo amene mvula ikamagunda pa malata sapeza tulo. Munthu wotere akati watopa, kumuuza kuti chikhulupiriro chake n'chochepa ndi kumusenzetsa mtolo wina pamwamba pa umene walephera kale. Ngati vuto ndi ngongole, mpingo ungathe kukhala pansi ndi wokongozayo n'kukambirana zobweza pang'onopang'ono. Pa maliro timasonkha ufa, nkhuni ndi ndalama za bokosi tsiku limodzi. Mutu umodzi susenza denga timanena ndife, ndiye tizisonkhanso munthuyo ali moyo.

Sabata yatha ndinakumana ndi mkulu uja pamsika. Tinapatsana moni, kenaka anangoti duu kwa kanthawi, maso ali pansi. Atatero anati, "Mayi, mphasa inalipo, nsima inatsalanso usiku umene uja. Ndikanangomuuza kuti mwananga, lero ugona konkuno."