Munatiyitanira chiyani ngati simufuna kutimva?

Ndakwiya kwambiri ndipo sindibisa. Banki ina kuno ku Dedza inachititsa msonkhano dzulo, ati wa anthu onse, wokambirana za chuma. Anamata mapepala pamsika ndi pa depoti, kuti bwerani nonse tidzamve maganizo anu. Anthu anabweradi. Amayi a geni anasiya mabenchi awo, akabaza anaimika njinga, alimi ena anachokera ku Bembeke ndi ku Linthipe atalipira thiransipoti ya m'thumba mwawo. Holo inadzaza mpaka ena kuima m'mawindo. Koma kukambiranako kunali kuti? Akuluakulu a banki ndi mlendo wawo wochokera ku Lilongwe anayankhula okha kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, akuonetsa pakhoma mizere yokwera ndi yotsika, zambiri m'Chingerezi. Nthawi ya mafunso itakwana, mayi ena amene amaoda tomato ndi kachewere ku Lizulu anaimirira. Anati, "Bambo, ine ndinatenga ngongole kwa inu, ndabweza kale ndalama yoposa imene ndinatenga, koma mukuti ndikadali ndi ngongole. Tandifotokozereni." Asanapitirize, woyendetsa mwambo anawalanda maikolofoni, ati nthawi yatha, nkhani za munthu payekha mukazione ku ofesi. Mayi aja anakhala pansi, kabuku ka ngongole kali m'manja, atakapinda pakati.

Nkhani ya munthu payekha? Theka la anthu amene anali m'holo muja ali ndi kabuku ngati komweko! Imeneyo ndiyo inali nkhani ya chuma yeniyeni pa tsiku lonse ladzulo, ndipo ndi yomweyo imene munaitsekera pakamwa.

Ndikufunsa inu a banki: munatiyitanira chiyani ngati simufuna kutimva? Mukanangoti bwerani mudzatimvere, bwenzi aliyense atasankha yekha kubwera kapena kupita kukagulitsa. Koma munati tidzakambirane. Kukambirana ndi kwa anthu awiri. Wina akayankhula, mnzake amayankha. Inu munayankhula, munadziyankha nokha, munadziombera m'manja, munajambulitsa zithunzi ndi amfumu, basi msonkhano watha. Ife munatifunira kudzaza mipando kuti chithunzi chioneke bwino.

Munatiuza kuti kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Zoona. Koma mukuganiza kuti mayi aja amadikira inu kuti adziwe zimenezo? Anazidziwa m'mawa umene anafika ku Lizulu n'kupeza kuti ndalama yoodera madengu atatu ikungokwana awiri, wa minibasi naye wakweza, ndipo kasitomala pamsika akukana mulu wa tomato pa mtengo watsopano mpaka tomatoyo kuyamba kufewa. Munatiuza za kukwera mitengo kwa zinthu ngati mukuuza alendo. Ife ndi amene tikugula mafuta ophikira a m'timapepala chifukwa botolo sitingalikwanitse. Ife ndi amene tinaona K5,000 itabwera mu 2022 ikuoneka ndalama yaikulu, lero ukangoiphwanya yatha usanatuluke pamsika. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Inu mukufuna kutifotokozera ululu wa m'mimba mwathu, ife eni ake mwatikhazika chete.

Zakuti ndalama zakunja zikusowa, namondwe Freddy anawononga mu 2023, chilala cha 2024 chinapsereza chimanga, feteleza anakwera, tikuzidziwa, tinazimva kale pa wailesi. Sitinasiye geni zathu kuti tidzamve zimenezo.

Tinabwera ndi mafunso a kwa inu. Inu banki, osati boma, osati bungwe lobwereketsa ndalama maiko la IMF. Munabisala kumbuyo kwa Reserve Bank, banki yaikulu ya dziko lino, kuti iwo anakweza chiwongola dzanja kufika pa 26 peresenti mu 2024, ndiye nanunso simukanachitira mwina. Chabwino. Nanga zimene mumaikapo pamwamba pakezo ndi zingati, ndipo n'chifukwa chiyani? Nanga bwanji ndikakusungitsani ndalama zanga mumandipatsa kachiwongola dzanja kosaoneka n'komwe, koma ndikabwereka zanu mumandisenzetsa katundu? Bwanji mlimi amene amakolola kamodzi pachaka mumamuuza kuti ayambe kubweza mwezi wotsatira, kachewere asanatulutse ndi maluwa omwe? Bwanji chikole mumafuna pepala la nyumba kapena la malo, pomwe mukudziwa kuti anthu ambiri kuno ali pa malo a makolo opanda pepala lililonse? Mafunso amenewa anali m'kamwa mwa anthu dzulo. Palibe ndi limodzi lomwe limene linaloledwa kutuluka. Anthu anakweza manja mpaka mikono kutopa, maikolofoni ikungozungulira mzere wakutsogolo kwa a masuti.

Ndiye mumadabwa kuti n'chifukwa chiyani amayi akukhamukira ku banki mkhonde. Kumeneko amakhala pamphasa, bokosi lili pakati, ndalama zimawerengedwa aliyense akuona, ndipo amene ali ndi funso amafunsa mpaka atamvetsa. Palibe amene amalandidwa mawu. Mumadabwanso kuti anthu akupita kwa a katapila, chonsecho akudziwa kuti kumeneko n'kowawa. Amapita chifukwa kwa inu amachoka opanda yankho. Mu February 2025 mavenda a kaunjika ku Lilongwe anayenda mpaka ku Nyumba ya Malamulo chifukwa cha kukwera kwa mabelo. Anthu sathamangira kumsewu chifukwa chokonda dzuwa. Amapita kumsewu akaona kuti m'maholo mulibe wowamvera.

Ndipo chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti inu mumadzitcha banki ya anthu, banki ya kumudzi, banki yathu. Ndalama zimene mumabwereketsazo ndi zathu zomwe, za aphunzitsi, za anamwino, za alimi, za amayi a mandasi. Popanda ife mulibe banki. Koma mwini ndalama akafuna kuyankhula mumayang'ana wotchi. Mlendo wa ku Lilongwe anayankhula mpaka kumwa madzi kawiri, palibe anamuuza kuti nthawi yatha. Mayi wa tomato kungotsegula pakamwa, nthawi yatha. Ulemu umenewo ndi wa mtundu wanji? Munthu wamkulu, mayi wa ana, wataya malonda a tsiku lonse, mukumukhazika pansi ngati mwana wasukulu pamaso pa gulu.

Mukadzaitananso msonkhano wina, muyambe ndi ife. Khalani pansi inuyo, tiyankhule ife, m'Chichewa, mulembe m'mabuku mwanumo, kenako muyankhe. Ngati simungathe, musatiyitane, tisiyeni tikagulitse.

Ndipo poti ndayamba, za ndalama zimene mumadula pa akaunti mwezi ndi mwezi zija bwanji? Munthu wasunga kandalama kake osakakhudza, kubwera patapita miyezi akupeza kachepa. Kutapa mudule, kufunsa zotsala mudule, meseji ya pafoni mudule. Kumapeto kwa mwezi aphunzitsi ali pamzere padzuwa kuyambira m'mawa, makina akuti netiweki palibe, m'kati zenera lotsegula ndi limodzi lokha, ena onse ati apita kukadya.