Buku la kuchipatala si lokolezera mbaula

Ana anga, adzukulu anga, lero ndikutsinani khutu, ndipo wofuna kukwiya akwiye. Nkhani yake ndi ya kabuku kaja timanyamula popita kuchipatala, komwe adokotala amalembamo matenda athu ndi mankhwala amene atipatsa. Kasungidwe kanu ka buku limeneli kakundidwalitsa mutu.

Taimani pamzere wa kuchipatala m'mawa muone nokha. Uyu watulutsa buku lonyowa, masamba atamatirirana, inki itayenderera. Uyo chikuto chinachoka kalekale, masamba apakati anang'amba n'kupichira fodya, ena anakolezera mbaula. Winayo akuti "ndaiwala kunyumba," n'kuthamanga kukagula latsopano. Dokotala akatsegula apeza masamba oyera mbee, munthu wa zaka 50 wopanda mbiri ngakhale mzere umodzi. Ayambire pati? Kumbuyo kwanu kuli chinamtindi cha odwala, nthawi yoti akufunseni za moyo wanu wonse palibe. Akakufunsani mankhwala amene munkamwa mumati, "timapilitsi toyera, tating'onoting'ono." Mapilitsi oyera ang'onoang'ono ndi osawerengeka, mwana wanga. Ena ndi a BP, ena a shuga, ena a khunyu.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi khalidwe lobwerekana mabuku, ndi lija logula buku latsopano dala pofuna kubisa zimene zinalembedwa m'lakale. Mukudziwa kuti pali anthu amene mankhwala ena amawawenga? Bactrim ndi Fansidar ndi a gulu limodzi. Munthu amene amamuwenga akamwa amatha kutuluka matuza thupi lonse, khungu kusupuka, zilonda m'kamwa ndi m'maso, ena mpaka kutsikira kuli chete. Penisilini nayenso amatha kubanikitsa munthu mphindi zochepa chabe atabayidwa. Dokotala akaona zotere amalemba m'buku kuti mnzake wa mtsogolo asadzabwereze. Ndiye inu mwatenga buku la mng'ono wanu chifukwa lanu simukuliona. Tsiku limene adzakutengereni kuchipatala muli chikomokere, wokuyankhulirani ndani? Pakamwa padzakhala potseka, buku lili m'manja mwa namwino likunena za munthu wina.

Inu amayi oyembekezera, mvetsetsani apa. Ngati mwana wanu wina anabadwa pa opaleshoni, chiberekero chili ndi chipsera, ndipo chipsera chimatha kung'ambika pa nthawi ya matenda. Mayi wotere amayenera kukachilira kuchipatala chimene chili ndi kochitira opaleshoni, osati pakachipatala ka m'mudzi. Chimodzimodzi amene anataya magazi ambiri pobereka, kapena amene BP inakwera mpaka kukomoka ali ndi pakati. Kugula buku latsopano poopa kuti anamwino akukalipirani chifukwa cha kuchuluka kwa mimba, n'kudzikumbira dzenje nokha. Kukalipiridwa kumatha tsiku lomwelo. Ana amasiye amalira zaka.

Tsono buku lokha silikwanira. Pali mbiri ina imene simalembedwa paliponse, imangokhala m'mitu ya agogo ndi azakhali, ndipo tikuikwirira nawo limodzi kumanda. Ife Amalawi timabisa chimene chapha munthu. Pamaliro timangoti "anadwala nthawi yochepa," "anangogwa kudimba," kapena timanong'onezana kuti pali dzanja la munthu. Agogo aamuna anangogwa n'kufa ziwalo mbali imodzi. Malume anangogwa. Mwana wa malume, wa zaka 40 zokha, pakamwa papotoka. Banja lonse likuloza chala gogo wina wosauka wa kuseri kwa mudzi, pomwe palibe ndi mmodzi yemwe wapita kukayezetsa BP. Kuthamanga kwa magazi kumayenda m'mtundu, shuga amayenda m'mtundu, mphumu chimodzimodzi, ngakhale khansa ya m'mawere m'mabanja ena. Ndipo BP simapweteka nthawi zonse ayi, munthu amatha kuyenda nayo zaka akudzimva wamphamvu. Mukadziwa kuti kwanu ilipo, mumayamba kuyezetsa msanga, mumachepetsa mchere, mumamwa mankhwala sitiroko isanafike.

Apa ndiyankhule ndi ife a chikamwini. Timati mwana ndi wa kuchikazi, mbumba ndi ya malume, ndipo ukwati ukatha akuchimuna timawaiwaliratu. Pa mwambo zili choncho, koma magazi sadziwa mwambo. Theka la mwana lachokera kwa bambo ake. Taonani matenda a siko selo, aja mwana amatupa manja ndi mapazi akadali wakhanda, maso achikasu, mafupa kuphwanya, magazi kumangotha n'kumawonjezeredwa kuchipatala. Mwana amadwala pokhapokha atatengera kwa bambo ndi kwa mayi omwe. Makolo onse awiri amatha kukhala athanzi, osadziwa kuti anyamula mbewu ya matendawa, koma pa mimba iliyonse pamakhala mpata umodzi mwa inayi woti mwana abadwe nawo. Mayi amanyozedwa kuti ali ndi tsoka, ena amamusiya ukwati, pomwe akanafunsa akanamva kuti kuchimunanso ana ankamwalira mwa njira yomweyo. Ngakhale munasiyana moyipa ndi bambo wa mwanayo, pitani kwa azakhali ake mukafunse. Safunsa anadya phula.

Ndipo inu akuluakulu anzanga, tileke kuuma pakamwa. Mdzukulu akafunsa chimene chinapha amayi ake, si mwano. Muuzeni zoona, mwaulemu, pa awiri.

Za makadi a kusikelo ndingodutsapo. Katemera wa chikuku amaperekedwa mwana akakwana miyezi 9, wachiwiri pa miyezi 15. Buku likasowa, mlangizi wa zaumoyo adziwa bwanji ngati wachiwiriyo analandira? Inuyo, wa ana anayi, mukumbukira?

Anyamata opita ku Joni, inunso. Mumakumbukira pasipoti ndi nambala ya mnzanu wa ku Johannesburg, koma ngati muli pa ma ARV kapena mankhwala a TB mumanyamuka osatenga kalata ya transifa. Mankhwala akatha mumakhala miyezi osamwa, kachilombo n'kuyamba kupima mphamvu mankhwalawo. Pitani kaye kuchipatala kwanu mukanene kuti mukusamuka, akulembereni.

Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anakokolola nyumba ku Chilobwe, ku Mulanje, ku Phalombe, anthu n'kuthawa ndi zovala za m'thupi zokha. Amene mapepala awo anapita ndi madzi sindikuwadzudzula, panalibe chochita. Ndikudzudzula inu amene munaona zonsezo koma mpaka lero foni yanu yadzadza ndi zithunzi za kuukwati, mulibe ngakhale chimodzi cha buku la mwana wanu. Jambulani tsamba lililonse lolembedwa, mutumizire m'bale mmodzi amene mumamukhulupirira pa WhatsApp. Mabuku enieniwo akulungeni m'jumbo, muwaike pamwamba posafika chiswe, makoswe ndi ana, pamalo amodzi odziwika kwa onse a m'nyumba. Lakale likadzadza musataye, lisokereni kumodzi ndi latsopano. Gulani kope la kusukulu, mukhale pansi ndi agogo akuchikazi ndi akuchimuna akadali ndi moyo, mulembe: uje anadwala chiyani, anayamba ali ndi zaka zingati, anamwalira bwanji. Popita kuchipatala kopelo lipite nawo, dokotala aliwerenge.