Nkhondo inali imodzi, koma amayi a ku France anadikira voti zaka zina 26

Britain ndi France ndi mayiko oyandikana. Pakati pawo pali kanyanja kakuti pamene pali popapatiza sipapitirira makilomita 34. Pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, kuyambira 1914 mpaka 1918, anali mbali imodzi, ndipo amayi a konsekonse anagwira ntchito yofanana: kusamalira ovulala, kupanga zipolopolo, kulima minda imene amuna anasiya. Koma nkhondo isanathe n'komwe, mu Febuluwale 1918, amayi oposa 8 miliyoni a ku Britain anapatsidwa ufulu wovota. Anzawo a ku France anadikira mpaka 1944.

Anthu ambiri amati amayi a ku Britain anapatsidwa voti ngati zikomo chifukwa cha kudzipereka kwawo pa nkhondo. Ine maganizo amenewa sindigwirizana nawo, ndipo chimene chimanditsimikizira ndi France. Kukanakhala kuti voti imabwera chifukwa cha thukuta ndi misozi, amayi a ku France akanayamba ndi iwo.

Nkhondo isanayambe, ku Britain kunali magulu awiri akuluakulu omenyera voti ya amayi. Lina, NUWSS, linakhazikitsidwa mu 1897 ndipo ankalitsogolera ndi mayi Millicent Fawcett. Awa ankakhulupirira zolemba makalata, kuchititsa misonkhano ndi kukakamira aphungu mmodzimmodzi, ndipo pofika 1914 anali ndi mamembala oposa 50,000. Linalo, WSPU, analiyambitsa mayi Emmeline Pankhurst ku Manchester mu 1903, ndipo awa anatopa ndi kupempha. Ankaswa magalasi a masitolo, kutentha nyumba zopanda anthu, ndipo akatsekeredwa m'ndende ankanyanyala chakudya. Oyang'anira ndende ankawagwira manja ndi miyendo n'kuwalowetsa kapaipi m'mphuno kapena pakhosi kuti awathire chakudya mokakamiza. Mu Juni 1913 Emily Davison analowa m'bwalo la mpikisano wa akavalo ku Epsom, kavalo wa mfumu anamugunda, namwalira patapita masiku anayi.

Ku France zinthu sizinafike pamenepo. Mayi Hubertine Auclert anali atayamba kale kufuula za voti ya amayi m'zaka za m'ma 1870, mpaka anakanapo kukhoma msonkho ponena kuti wosavota asalipire. Koma bungwe lalikulu la voti, UFSF, linabadwa mochedwa, mu 1909, ndipo linali laulemu, losafuna kukwiyitsa boma. Si kuti amayi sankaifuna votiyo ayi. Mu 1914 nyuzipepala ya Le Journal itafunsa maganizo awo, amayi oposa 500,000 anayankha kuti akufuna kuvota.

Nkhondo itabuka mu Ogasiti 1914, atsogoleri ambiri a konsekonse anaimika kaye nkhani ya voti. Boma la Britain linamasula amayi amene anali m'ndende, ndipo mayi Pankhurst anasanduka wokopa anyamata kuti alowe usilikali. Mu Julayi 1915 anatsogolera chionetsero mu London chofuna kuti amayi aloledwe kugwira ntchito za nkhondo, ndipo ndalama zokonzera chionetserocho zinachokera ku boma lomwe lija linkawamanga. Mwana wawo, Sylvia, anakana njira imeneyi. Iye anatsutsa nkhondo n'kukhala kum'mawa kwa London, kumene anatsegula malo odyera otsika mtengo ndi posungira ana a amayi osauka. Ku France, nduna yaikulu René Viviani inapempha amayi akumudzi kuti akolole tirigu ndi mphesa m'malo mwa amuna awo, ndipo anakololadi.

Nkhani imene imandigwira mtima kwambiri ndi ya Dr Elsie Inglis wa ku Edinburgh, dokotala wodziwa maopareshoni amenenso anali mtsogoleri wa omenyera voti ku Scotland. Anapita ku ofesi ya zankhondo ya dziko lake n'kunena kuti ali wokonzeka kutsegula zipatala zoyendetsedwa ndi amayi okhaokha. Anamuuza kuti abwerere kunyumba akakhale phee. Sanakhale phee. Anapereka thandizolo ku France ndi Serbia, ndipo anamulandira. Ndi ndalama zimene magulu a voti anasonkha, amayi a Scottish Women's Hospitals anatenga nyumba yakale ya amonke ku Royaumont, kumpoto kwa Paris, yozizira, yauve, yopanda zipangizo, n'kuikolopa okha, kunyamula mabedi okha, mpaka inakhala chipatala. Dr Frances Ivens ndiye ankachiyang'anira. Madokotala, anamwino, oyendetsa ambulansi, onse anali akazi, ndipo anathandiza asilikali oposa 10,000, ena mwa iwo ochokera ku Senegal ndi kumpoto kwa Africa. Madokotala ena awiri, Flora Murray ndi Louisa Garrett Anderson, nawonso anayambira ku Paris, ndipo akwawo ataona ntchito yawo ndi pamene anawapatsa chipatala cha asilikali cha Endell Street mu London mu 1915. Dr Inglis anamwalira mu Novembala 1917, atangofika kuchokera kunkhondo, pafupifupi miyezi itatu lamulo la voti lisanasainidwe.

Choncho France inatsegulira khomo madokotala achikazi a ku Britain pamene kwawo ankawakana. Inalinso ndi ake. Katswiri wa sayansi Marie Curie anakonza magalimoto pafupifupi 20 okhala ndi makina a X-ray, oyenda kufupi ndi kumene kunkamenyedwa nkhondo, kuti dokotala aone pamene pali chipolopolo asanang'ambe munthu. Anaphunzira yekha kuyendetsa galimoto, n'kumayenda ndi mwana wake Irène ali ndi zaka 17 zokha. Amayi masauzande ambiri anadzipereka ngati anamwino a Red Cross. M'mafakitale a zida munali amayi pafupifupi 400,000, ndipo ku Britain analipo oposa 700,000. Ku Britain, amene ankalongedza wonga wa TNT khungu lawo linkasanduka lachikasu, ena chiwindi chinawonongeka mpaka kufa. France inataya asilikali pafupifupi 1.4 miliyoni, chiwerengero choposa kwambiri cha Britain, ndipo amayi pafupifupi 600,000 anatsala amasiye.

Ndiye kusiyanako kunachokera pati?

Ku Britain lamulo la chisankho linali ndi vuto limene boma silikanatha kulithawa. Amuna ambiri osauka analibe voti, ndipo amene anali nayo ankafunika kukhala pa nyumba imodzi kwa miyezi 12 kuti alowe m'kaundula. Msilikali amene anakhala zaka ziwiri m'maenje ku France anali atafufutika. Palibe boma likanayerekeza kuchititsa chisankho asilikali osavota. Choncho mu 1916 anakhazikitsa komiti ya aphungu a zipani zonse, yotsogozedwa ndi sipikala James Lowther, kuti ikonze lamulolo. Apa ndi pamene zaka zonse za mayi Fawcett zinabala zipatso. Bungwe lawo silinaphwasuke pa nthawi ya nkhondo. Maofesi, mamembala ndi aphungu ogwirizana nawo zonse zinalipo. Anauza boma kuti ngati lamulo likutsegulidwa, nkhani ya amayi ilowemo. Andale nawonso ankakumbukira magalasi osweka aja, ndipo sankafuna kudzamanganso amayi amene dzulo lake ankawatamanda. Herbert Asquith, amene anatsekereza voti ya amayi kwa zaka zambiri ali nduna yaikulu, anaima m'Nyumba ya Malamulo mu 1917 n'kunena kuti wasintha maganizo chifukwa cha ntchito ya amayi pa nkhondo. Ndikuona kuti ntchitoyo inamupatsa njira yobwerera m'mbuyo popanda manyazi. Aphungu anavomereza ndi mavoti 385 kwa 55.

Koma taonani amene anapatsidwa. Mwamuna ankavota ali ndi zaka 21, ndipo amene anamenya nkhondo ngakhale ali ndi 19. Mkazi anayenera kukwanitsa zaka 30, komanso akhale ndi nyumba kapena katundu, kapena akhale mkazi wa mwamuna wotero, kapena akhale ndi digiri. Atsikana ambiri a khungu lachikasu aja, ndi ambiri mwa anamwino ongodzipereka, anali asanafike zaka 30. Amene anagwira ntchito yowawa kwambiri ndi amene anatsala kunja. Malire a zakawo anaikidwa dala kuti amayi asachuluke kuposa amuna m'kaundula. Voti yofanana inabwera mu 1928, ndipo zinatengeranso kampeni ina.

Ku France amuna, olemera ndi osauka omwe, anali ndi voti kuyambira 1848. Kunalibe lamulo lofunika kukonza, choncho nkhani ya amayi inayenera kuima payokha. Nyumba ya aphungu inavomereza mu Meyi 1919. Bilu inapita ku nyumba yachiwiri, Senate, n'kugonekedwa zaka zitatu, ndipo mu Novembala 1922 anaikana ndi mavoti 156 kwa 134. Amene anatsekereza kwambiri anali a chipani cha Radical, omwe ankanyadira kuti ndiwo oteteza ufulu wa anthu. Iwo anali atamenya nkhondo yolekanitsa boma ndi Mpingo wa Katolika mu 1905, ndipo ankaopa kuti amayi, poti ndiwo ankadzaza matchalitchi, adzavota monga awauzira ansembe. Kunena kwina, anawamana voti poopa kumene votiyo ingapite. Ichi ndimachiona choipa kuposa chifukwa china chilichonse, pakuti ankadziwa bwino kuti amayi ali ndi maganizo, n'chifukwa chake ankawaopa. Dziko linkafuna kwa iwo ana olowa m'malo mwa akufa: mu 1920 anakhazikitsa lamulo loletsa kufalitsa za kulera, chaka chomwecho n'kuyambitsa mendulo ya amayi obereka ana ambiri.

Aphungu anavomerezanso kangapo, Senate osasuntha. Mu 1936 nduna yaikulu Léon Blum inaika amayi atatu m'boma ngati achiwiri kwa nduna: Cécile Brunschvicg, mtsogoleri wa UFSF, Suzanne Lacore, ndi Irène yemwe uja wa magalimoto a X-ray. Ankayendetsa maofesi a boma, koma pa tsiku la chisankho sakanaloledwa kuponya voti. Chaka chomwecho gulu la womenyera voti wina, mayi Louise Weiss, linagawira aphungu a Senate masokosi, ndi uthenga wakuti asadandaule, ngakhale amayi atapatsidwa voti, masokosi awo azisokedwabe.

Pali amene anganene kuti amayi a ku France anachedwa chifukwa chofatsa. Mwina pang'ono. Koma sindikufuna kuwaimba mlandu umene ndi wa amuna 156 aja. Ndipo sindingatamande Britain mopitirira, chifukwa nthawi yomweyo ndiyo inkalamulira kuno. Amuna a Nyasaland masauzande ambirimbiri anatengedwa usilikali wa KAR (King's African Rifles) ndi utengatenga pa nkhondo yomweyo, ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda, amayi n'kutsala ndi minda ndi ana. Palibe mmodzi anapatsidwa voti chifukwa cha zimenezo. Voti si malipiro a ganyu, akuti ukalima ndime ulandira; amene ali ndi mphamvu amaipereka akaona kuti kukana kwawadulira.

France inadzasintha pa nkhondo yachiwiri, boma lakale litagwa ndipo Senate kulibe. Amayi anali m'magulu obisika olimbana ndi Germany, kunyamula mauthenga ndi kubisa anthu, ndipo ambiri anatengedwa kupita ku ndende ya Ravensbrück ku Germany. Mmodzi mwa atsogoleri awo, Danielle Casanova, anafera ku ndende ya Auschwitz mu 1943. Pa msonkhano wa atsogoleri a ku France olimbana ndi Germany, umene unachitikira ku Algiers, likulu la Algeria, mu Malichi 1944 ena ankafunabe kuzengereza, koma nthumwi ina, Fernand Grenier, inakakamira kuti amayi avote ndi kuvoteredwa mofanana ndi amuna. Lamulo linasainidwa ndi mtsogoleri wawo, Charles de Gaulle, pa 21 Epulo 1944. Amayi anavota koyamba pa 29 Epulo 1945, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho 33 analowa m'Nyumba ya Malamulo. Amayi achisilamu a ku Algeria, dziko limene lamulolo linalembedweramo, anadikira mpaka 1958.