Musanaponye malonda m'gulu la anthu, yambani mwawathandiza

Pali khalidwe lina limene lafala pakati pa ife ochita bizinesi, ndipo ndikufuna tilikambe poyera. Munthu walowa m'gulu la pa Facebook kapena pa WhatsApp m'mawa, sanapereke moni, malamulo a gululo sanawawerenge, koma pofika masana waponya kale zithunzi khumi za katundu wake, nambala ya foni, ndi mawu aja oti "mtengo bwerani ku inbox". Mawa chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi. Akamuchotsa amayamba kudandaula kuti ma admin ndi ansanje, safuna anzawo atukuke. Ine ndikukana. Ma admin aja akutchinjiriza chinthu chimene inuyo mwadzera, ndicho anthu okhulupirirana amene amawerengadi zimene anzawo alemba. Gulu likadzaza ndi zotsatsa zokhazokha, anthu amalitsekera pakamwa pa foni zawo kapena kutulukamo, n'kutsala ogulitsa okhaokha akutsatsirana malonda popanda wogula.

Inenso makasitomala anga ambiri ndimawapeza m'magulu omwewa, choncho sindikuletsa munthu kufunafuna msika kumeneko. Ndipo chifukwa chimene tonse tinathamangira m'magulu n'chomveka. Mu January 2018, mkulu wa Facebook, Mark Zuckerberg, analengeza kuti Facebook iyamba kuonetsa anthu zambiri zochokera kwa anzawo, abale awo ndi magulu amene alimo, n'kuchepetsa zochokera ku mapeji a makampani ndi nyumba zofalitsa nkhani. Amene anali ndi peji ya bizinesi anaona okha kuti zimene akulemba zikufikira anthu ochepa pokhapokha alipire. Pa WhatsApp napo gulu limodzi tsopano limatha kukhala ndi anthu 1,024. Anthu ali m'magulu, ndipo wogulitsa amatsata komwe kuli anthu. Vuto lagona pa kalowedwe kathu.

Tadzifunsani chimene munthu amalowera m'gulu. Amene walowa m'gulu la anthu ogwiritsa ntchito magetsi a dzuwa, la osoka zovala, la makolo a ana aang'ono kapena la okonza galimoto, ali ndi funso limene likumusowetsa mtendere, kapena akufuna kucheza ndi anthu amene akudutsa m'zimene iye akudutsamo. Palibe amene analowa kuti aone chithunzi cha katundu wanu katatu pa tsiku.

Tiyerekeze gulu la magetsi a dzuwa lija. Mayi wina walemba kuti, "Abale, batire langa likumatha moto pofika 9 koloko usiku pomwe ndinaligula chaka chatha chomwechi, vuto lingakhale chiyani?" Wogulitsa woyamba wathamanga: "Tili ndi mabatire olimba, imbani nambala iyi." Wachiwiri wafunsa kaye: batire lake ndi la mtundu wanji, mwalumikizako zinthu zingati, pali firiji kodi, nanga mapanelo munawapukuta liti? Kenaka wafotokoza kuti mabatire a mtovu aja sachedwa kufa ngati tsiku ndi tsiku mukuwakama kupitirira theka la mphamvu yake, kuti fumbi kapena mthunzi wa nthambi pa panelo umachepetsa moto wolowa, ndiponso kuti mayiwo ayambe ayezetsa ka controller, kachipangizo kowongolera moto wochokera ku mapanelo kupita m'batire, asanawononge ndalama pa batire latsopano. Pamapeto wangowonjezera mzere umodzi: "Ine ndimagulitsa zipangizo zimenezi, koma yambani mwaona zimene ndatchulazi, mwina simukufunika kugula kanthu."

Wachiwiriyu mwina tsiku limenelo sagulitsa chilichonse. Koma taganizirani amene awerenga yankho lakelo. Katswiri wina woona za mmene anthu amagwiritsira ntchito intaneti, Jakob Nielsen, analemba mu 2006 kuti m'magulu ambiri a pa intaneti, mwa anthu 100 aliwonse, pafupifupi 90 amangowerenga osalemba kanthu, 9 amalemba mwa apo ndi apo, ndipo mmodzi yekha ndiye amalemba zochuluka. Manambalawa amasiyana gulu ndi gulu, koma aliyense amene wakhalapo m'gulu lalikulu akudziwa kuti olankhula amakhala omwewomwewo. Ndiye mukamayankha mayi uja, kumbuyo kwake kuli khamu la anthu achete amene akukuyezani. Sakupatsani like, sakuyamikani, koma dzina lanu alisunga. Pakatha miyezi itatu, batire la mmodzi wa iwo likafa zenizeni, amakusakani inuyo. Ndipo wina akafunsa m'gulumo kuti zipangizo zodalirika angazipeze kuti, amene amatchula dzina lanu ndi anthu ena, inu muli chete. Umboni wa munthu amene sakupindulapo kanthu uli ndi mphamvu imene chithunzi chokongola chilichonse sichingakhale nayo. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo apa m'pamene ambiri timalepherera, chifukwa timafuna ndalama ya lero lomwe.

Ndikudziwa chimene ena anene: "Ife timamwaza uthenga m'magulu makumi asanu ndipo timagulitsa ndithu." N'zoona, nthawi zina zimagwira. Khalidweli si lachilendonso. Mu April 1994, maloya awiri a ku Arizona m'dziko la America, Laurence Canter ndi mkazi wake Martha Siegel, anatumiza uthenga umodzi wotsatsa ntchito yawo yothandiza anthu pa nkhani ya green card, chilolezo chokhazikika m'dziko la America, ku magulu a zokambirana oposa 5,000 a pa Usenet, bwalo la zokambirana la pa intaneti la nthawi imeneyo, mosasamala kuti gululo limakamba za chiyani. Iwo ankadzitama kuti anapeza makasitomala. Koma madandaulo anachuluka mpaka kampani imene inkawapatsa intaneti inawadula, ndipo lero, patatha zaka zoposa 30, maina awo amakumbukiridwa ngati anthu amene anatsegulira khomo chipwirikiti cha mauthenga osafunika pa intaneti. Amene amamwaza chonchi amawerenga anthu awiri amene agula, osawerenga mazana amene amuika m'gulu la anthu osowetsa mtendere. Ndipo makampani eni ake a mapulogalamuwa akumangitsa zinthu. Kuyambira mu January 2019, WhatsApp salola kupatsira uthenga umodzi kwa anthu kapena magulu oposa asanu nthawi imodzi, ndipo nambala imene anthu ambiri aidandaulira imatha kutsekedwa. Pa Reddit, webusaiti ya magulu a zokambirana, anthu akhala akutsatira kalangizo kakale koti mwa zinthu khumi zimene mwalemba, chimodzi chokha ndicho chikhale chokhudza malonda anu. Sindikunena kuti muziwerengetsera ndi cholembera, koma muyezo wakewo ndi wabwino kulikonse.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi chinyengo chodzibisa. Munthu amatsegula akaunti yachiwiri ndi dzina lina, n'kufunsa yekha kuti, "Ndani amadziwa kumene ndingapeze zakutizakuti?" kenaka n'kudziyankha ndi akaunti yake yeniyeni, kapena kutuma mlamu wake kuti alembe kuti "ndinagulako, ndi zabwino zedi" pomwe sanagulepo. Abale anga, uku n'kuba chikhulupiriro cha anthu amene akulandirani ndi mtima umodzi. Ndipo zimaululika, ngakhale kwa anthu akuluakulu. John Mackey, yemwe anali mkulu wa kampani ya masitolo a zakudya ya Whole Foods ku America, anakhala zaka zingapo akulemba m'magulu a zokambirana a Yahoo pogwiritsa ntchito dzina loti Rahodeb, kuyamikira kampani yake ndi kunyoza ina yopikisana nayo ya Wild Oats. Mu 2007, pamene Whole Foods inkafuna kugula Wild Oats yomweyo, nkhaniyi inatulukira m'zikalata za mlandu wokhudza kugulako, ndipo mkuluyo anapepesa poyera. Mu 2013 bungwe loona za chilungamo pa malonda ku Taiwan linalipiritsa Samsung chindapusa cha madola a ku Taiwan 10 miliyoni chifukwa cholipira anthu kuti azilemba zoyamikira mafoni ake ndi kunyoza a makampani ena pa intaneti. Ngati makampani a ndalama zankhaninkhani amagwidwa, nanga inu amene kalembedwe kanu anthu a m'gulu akukadziwa, ndi mawu omwewo amene mumalakwitsa pa maakaunti onse awiri? Kampani yaikulu imalipira chindapusa n'kupitiriza ntchito. Wabizinesi yaing'ono chuma chake ndi dzina lake basi, likada ndiye kuti zonse zada.

N'chifukwa chake ndimalimbikira kuti muzinena poyera kuti ndinu wogulitsa. Anthu sadana ndi wogulitsa. Amadana ndi kupusitsidwa. Mukalemba kuti "ine ndimagulitsa zimenezi, ndiye muwerenge maganizo anga mukudziwa zimenezo", anthu amakupatsani ulemu woposa.

Pa nkhani ya mtengo ndinena mwachidule: ulembeni. Mukabisa mtengo munthu amaganiza kuti mumatchula molingana ndi nkhope ya wofunsa, ndipo ambiri mwa anthu achete aja sabwera ku inbox, amangodutsa. N'kulakwanso kutola manambala a anthu m'gulu la WhatsApp n'kumawatumizira zotsatsa kumbali, kapena kuwaika m'gulu lanu la malonda osawapempha. Munthu anapereka nambala yake ku gulu lija, osati kwa inu.

Tsopano pali nthawi imene imaonetsa mtima weniweni wa wabizinesi, ndiyo pamene kasitomala wadandaula pagulu. Walemba kuti katundu amene munamugulitsa wawonongeka pasanathe sabata, anthu ayamba kuthirirapo ndemanga, mtima wanu ukugunda. Ambiri apa amachita chimodzi mwa zitatu: kupempha admin afufute, kumunyoza wodandaulayo kuti watumidwa ndi adani, kapena kuyankha ndi mawu ozizira okonzedwa kale amene sakhudza vuto lenileni. Chachitatuchi chinachititsa manyazi kampani ya masewera a pa kompyuta ya Electronic Arts mu November 2017. Osewera ankadandaula pa Reddit kuti atagula kale masewera atsopano pa mtengo wokwera, ankafunikanso kusewera maola ambirimbiri kapena kulipira ndalama zina kuti atsegule mbali zina za masewerawo. Kampaniyo inayankha kuti cholinga chake chinali choti osewera azimva kunyadira akakwanitsa. Anthu anaona kuti akunamizidwa masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo yankho limenelo linalandira mavoti otsutsa oposa 600,000, kuposa lina lililonse m'mbiri ya Reddit. Patangopita masiku ochepa kampaniyo inakakamizika kusintha.

Njira yabwino ndi yosavuta kuinena koma imafuna kudzichepetsa. Yankhani pomwepo pagulupo, mwaulemu, mutchule vuto lake ndi dzina: "Pepani mayi, chaja imeneyo simayenera kufa msanga choncho, ndikuimbirani lero kuti tiisinthe." Zokhudza nambala ya foni ndi malisiti mukakambirane kumbali, koma nkhani ikatha bwererani pagulu paja mudzanene kuti yatha. Ngati wolakwa ndi kasitomala, fotokozani zimene zinachitika popanda kumuchititsa manyazi. Anthu amadziwa kuti katundu aliyense amatha kuwonongeka. Chimene akufuna kuona n'chakuti zikavuta mumathawa kapena mumaima.

Phindu lina la magulu limene ambiri salilabadira ndi kumvetsera. Tsiku lililonse anthu akunena okha, kwaulere, chimene chikuwasowa, chimene chikuwakwiyitsa kwa ogulitsa ena, ndi mawu amene amatchulira zinthu. Kampani ya Xiaomi ya ku China, imene inayamba mu 2010, isanatulutse foni yake yoyamba mu 2011 inayamba ndi pulogalamu yoyendetsera mafoni yotchedwa MIUI. Anthu oyamba kuiyesa anali okonda mafoni pafupifupi 100 amene anawapeza m'magulu a zokambirana, ndipo kampaniyo inkakonza pulogalamuyo sabata ndi sabata potengera madandaulo awo. Pamene foni inkatuluka, anthu oidikira analipo kale, ndipo ankaiona ngati yawo. Inu simukufunika kukhala kampani yaikulu kuti muchite zofanana. Funso likabwera kachisanu m'gulu, lembani yankho lake lomveka bwino kamodzi, ndi zithunzi ngati n'kotheka, mupemphe admin ngati angalisunge pamwamba. Anthu akamadandaula kuti ogulitsa onse sapereka malangizo a kagwiritsidwe ntchito, inu yambani kupereka.

Kunena za ma admin, ambiri amagwira ntchito imeneyi osalandira kanthu, usiku akuchotsa mabodza ndi kuletsa mikangano. Alembereni kumbali musanaike malonda, muwafunse ngati pali tsiku lotsatsa, ngati amalola ma link, ngati pali kandalama kothandizira gulu. Akakana, lemekezani, mupitirize kuthandiza anthu ndi mayankho. Ndipo musadzimwaze m'magulu makumi atatu amene simungathe kuwawerenga. Sankhani awiri kapena atatu amene muli anthu ofunadi zimene mumadziwa, mukhalemo ngati membala weniweni, wodziwa amene wadwala ndi amene wapambana.

Chomaliza chimene ndikufuna musaiwale n'chakuti gulu si lanu, ngakhale limene munayambitsa nokha, chifukwa pulogalamuyo ili ndi eni ake. Pa 4 October 2021, Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazima pamodzi kwa maola pafupifupi sikisi, ndipo amene bizinesi yawo yonse inali mmenemo anangogwira m'chiuno. Google+ inatsekedwa mu 2019, Yahoo Groups mu 2020, pamodzi ndi magulu amene anthu anawamanga kwa zaka. Choncho munthu akagula kwa inu, mupempheni ngati angalole kuti musunge nambala kapena imelo yake, mumuuze chimene muzimutumizira ndi kangati, ndipo muzilembe pena pake posadalira pulogalamu imodzi. Akati ayi, musamulembe.