Msilikali wa ku Sparta sankamenya nkhondo payekha

Chimene chimandiwawa m'mafilimu a nkhondo za Agiriki akale ndi chakuti nkhondo ikangoyamba, mzere wa asilikali umamwazika kuti kamera ione ngwazi imodzi ikudumphadumpha ndi lupanga. Filimu ya 300 ndiyo inanyanya: amuna chifuwa pamtunda, aliyense akulimbana ndi mdani wakewake. Apo ndiye kuti mwaichotsa mtima nkhaniyo.

Taonani chishango cha asilikali a Agirikiwo. Chinali chozungulira, chathabwa, nthawi zambiri chokutidwa ndi mkuwa, pafupifupi masentimita 90 m'mimba mwake ndipo chinkalemera makilogalamu ngati 7. Mkono wamanzere unkalowa m'chogwirira chapakati mpaka m'chigongono, dzanja n'kugwira chingwe cha m'mphepete. Choncho mbali ina ya chishango inkapitirira kumanzere n'kuphimba mnzako, pamene mbali yako yakumanja inkadalira chishango cha woyandikana nawe. Thucydides, Mgiriki wakale wolemba mbiri, pofotokoza nkhondo ya ku Mantinea ya mu 418 BC, akuti mzere wonse unkasendera kumanja poyenda chifukwa aliyense ankadzipanikiza ku chishango cha mnzake. Akutinso a ku Sparta ankayenda pang'onopang'ono motsatira kulira kwa zitoliro kuti mzere usaduke. Kawirikawiri ankaima mizere 8, chida chenicheni chili mkondo wopitirira mamita 2. Lupanga linkasololedwa mkondo ukathyoka.

Wojambula filimu aike kamera m'kati mwa mzere, pamsinkhu wa chishango. Chipewa chamkuwa cha mtundu wa ku Corinth chinkatseka makutu n'kungosiya timipata ta maso, ndiye phokoso limveke logonthetsa, woonera azingoona fumbi ndi nsonga za mikondo. Wolemba buku naye asankhe munthu wa mzere wachitatu, amene akungoona msana wa mnzake ndipo sakudziwa ngati akupambana. Mantha enieni ali pamenepo.

Za Thermopylae, kampata kopapatiza pakati pa phiri ndi nyanja pomwe Agiriki anamenyana ndi Aperisiya mu 480 BC (nkhondo ya m'filimu ya 300 ija), chonde tisamafufute anthu. Leonidas, mfumu ya ku Sparta, anali ndi Agiriki pafupifupi 7,000 poyamba, ndipo tsiku lomaliza anatsala ndi amuna 700 a ku Thespiae ndi 400 a ku Thebes kuwonjezera pa ake 300 aja. Ephialtes, amene anaonetsa Aperisiya njira ya m'phiri, anali munthu wa m'dera lomwelo, osati wolumala wokanidwa ku Sparta monga filimuyo imaonetsera. Malowonso asintha: matope a mtsinje wa Spercheios anakankhira nyanja kutali, moti lero simungaonenso kampata kopapatiza kaja.

Sindikuletsa kupeka. Zokambirana, chikondi, ngakhale anthu ena ongowaganizira, zonsezo wolemba ali nazo ufulu. Koma mzere asaukhudze, chifukwa Herodotus, wolemba mbiri winanso wakale, anatisiyira nkhani ya Aristodemus, msilikali wa ku Sparta. Iyeyu anapulumuka ku Thermopylae atadwala maso, ndipo kwawo anamusala, palibe ankamulankhula kapena kumupalira moto. Chaka chotsatira, pa nkhondo ya ku Plataea, anachoka pamzere n'kuthamangira adani yekha, anamenya koopsa mpaka kuphedwa. Herodotus ankamuona kuti ndiye analimba mtima kuposa onse, koma a ku Sparta anakana kumupatsa ulemu. Anati munthuyo ankafuna kufa, ndipo anasiya malo ake pamzere.