Lole isanyamuke ulendo usanakonzedwe

Ndikulemba mtima ukuwawa, ndipo wofuna kundiuza kuti ndidekhe asayambe n'komwe. Mabokosi 60 a tomato amene ndinagula kwa alimi ku Petauke afika pa msika wa Soweto mu Lusaka lero 11 koloko, dzuwa litakwera, ogula onse atabalalika. Aliyense wogulitsa pano akudziwa kuti msika wa tomato ndi wa m'bandakucha. Potsitsa, madzi amachita kuchucha m'mipata ya matabwa, ntchentche zitaunjikana, mabokosi apansi onse asanduka phala. Amayi ena amene amapikula kwa ine sabata ndi sabata angotola mmodzi, kumufinya pang'ono, n'kumubwezera m'bokosi osanena kanthu.

Ndafunsa adalaivala kuti achimwene, munali kuti masiku awiri onsewa? Akuti anapakira tomato wanga Lolemba m'mawa, kenaka abwana awo anaimba foni kuti pitirirani ku Chipata mukatenge matumba a mtedza. Ndiye lole inalowera kum'mawa tomato wanga ali pamsana, kudutsa Sinda, kudutsa Katete, kukagona ku Chipata, n'kubwerera kudzadutsanso pa Petauke pomwe paja. Makilomita oposa 300 opanda pake. Mtedza ungadikire mwezi wathunthu m'thumba. Tomato sadikira!

Nkhani yanga ndi imodzi yokha: ulendo uzikonzedwa lole isanalize injini. Great East Road ndi msewu umodzi, suchita nthambi zosokoneza munthu. Yambira kutali, tenga zouma poyamba, zowola msanga uzipakire pomaliza pobwerera. Kodi zimenezi n'zofuna sukulu yaikulu?

Ndipo ngati mutu wa abwana wadzaza, mapulogalamu okonza maulendo alipo, ena amagwira ntchito ngakhale pafoni. Umalowetsamo malo onse otengako katundu, kulemera kwake, kukula kwa lole, ndi nthawi imene katunduyo ayenera kukhala atafika. Pulogalamuyo imakuyalira yokha kuti yamba apa, kenaka apa, malizira apa, ndipo nyamuka nthawi yakuti kuti ukapeze msika. Ndi GPS umaona kuti lole ili pa Nyimba kapena yawoloka kale mlatho wa Luangwa, ndipo ine wodikira ndimadziwa choti ndiuze makasitomala anga. Ikanakhala kuti inagwiritsidwa ntchito, foni ya ku Chipata ija ikanaoneka pomwepo kuti ikupha tomato wa munthu. Koma ayi, abwana ulendo wonse ausunga m'mutu ndi m'kabuku kong'ambika, n'kumausintha pakati panjira ngati akutuma mwana kugolosale. Safunsa anadya phula.

Choipitsitsa, lole yomweyo inachoka mu Lusaka yopanda kanthu. Makilomita pafupifupi 400 mpaka ku Petauke ikungogubuduka, dizilo akupsa, pa ma toll gate akulipira, pamene anthu kuno akusowa chonyamulira feteleza, shuga ndi mchere kupita kumudzi. Mtengo wa ulendo wopanda katunduwo akuuika pa ndani? Pa bokosi langa. Ine ndiuika pa amayi opikula, iwo auika pa kamulu ka tomato ku Kanyama ndi ku Chawama. Ena anena kuti vuto la mapulogalamu aja ndi netiweki kapena mtengo wa mabandulo. Bandulo ndi dizilo wa makilomita 300, chodula n'chiti?

Mu 2024 chilala chinatikwapula mpaka dziko linalengeza kuti tili pa tsoka. Tinaona tokha mmene chakudya chimasowera. Ndiye lero chakudya chimene mlimi wathirira ndi keni m'dimba, miyezi itatu akuwerama, chiziwolera pamsewu chifukwa munthu mmodzi sakufuna kukhala pansi n'kukonza ulendo? Konzani ulendo. Musanawotche dontho la dizilo, konzani ulendo!

Komanso adalaivala aja ndawaona maso ali psuu. Usiku wonse anali pa chiwongolero, okhaokha, m'makhotakhota a mapiri a ku Luangwa, chifukwa abwana atazindikira kuti achedwa anayamba kuimba foni mphindi ndi mphindi kuti thamangani. Munthu wa ana ake kunyumba. Atsika apa miyendo ikunjenjemera, ndawagulira tiyi ndi buledi, ndipo asanamalize n'komwe foni yaliranso kuti madzulo ano anyamuke kupita ku Mkushi.